Kodi Bogi ya Sitima Imangidwa Motani Kuti Isunge Moyo?

Munthu akakwera sitima yapamtunda amafuna mpando wabwino, zenera loonera kunja ndi malo oika katundu wake. Ndi oŵerengeka okha amene amaganizako za chitsulo chili pansi pa mapazi awo, kapena kufunsa chifukwa chake galasi la pazenera lili lochindikala chotere. Komatu m'bogi ya masiku ano mulibe kanthu kamene kadangoikidwa chiikire. Kulimba kwa pansi pake, kaumbidwe ka mipando, mtundu wa nsalu, ngakhale malo a chitseko, zonsezi zili ndi malamulo ake, ndipo ambiri a malamulowo adalembedwa anthu atabwerako ku manda.

M'nkhani ino tifuna kuti makolo ndi achinyamata tione pamodzi m'mene malamulo ameneŵa adayambira, chimene amafuna, ndi pamene mphamvu yake ithera. Tiyamba ndi ulendo wa ana a Sande Sukulu, pakuti imfa yawo ndiyo idasintha kayendetsedwe ka sitima m'maiko a Britain ndi Ireland.

Ulendo wa ana a ku Armagh

Pa 12 Juni 1889 mpingo wa Methodist wa mu mzinda wa Armagh, ku Ireland, udakonza ulendo wa ana a Sande Sukulu ndi makolo awo wopita kunyanja ku Warrenpoint, mtunda wa mamailosi 24. Eni njanji adayembekeza anthu 800, koma adabwera pafupifupi 940, motero adawonjezera mabogi mpaka adakwana 15. Anthu atakwera, zitseko zidakhomedwa ndi kiyi kuti opanda tikiti asaloŵe.

Kuchoka pa Armagh njanjiyo idali kukwera chitunda chachitali. Injini idali yaing'ono kulingana ndi katundu wake, ndipo idalephera patangotsala mayadi ngati 200 kuti ifike pamwamba. Akulu a sitimayo adapangana zoidula paŵiri: atenge mabogi 5 akutsogolo kukaŵasiya pa siteshoni yapafupi, kenaka abwerere kudzatenga 10 otsalawo.

Apa ndi pamene padagona msampha. Mabuleki a sitimayo adali a mtundu wogwira pokhapokha injini ikamayamwa mpweya m'paipi yodutsa pansi pa mabogi onse. Paipiyo italumulidwa, mabogi 10 aja adatsala opanda chowagwira, kupatula buleki imodzi yamanja m'bogi yakumbuyo ndi miyala imene antchito adapinga kumawilo. Injini ponyamuka idabwerera m'mbuyo pang'ono, nigunda mabogiwo, ndipo miyala ija idaphwanyika. Mabogi odzaza ndi ana adayamba kutsetsereka chambuyo, poyamba pang'onopang'ono, kenaka mwaliŵiro. Zitseko zidali zokhoma. Kumbuyoko kudali kubwera sitima ina, imene idaloledwa kunyamuka pa Armagh chifukwa choti padapita mphindi zokwanira, popanda wina kutsimikiza kuti yoyambayo yafika. Anthu 80 adafa, 260 adavulala, ndipo pakati pawo padali ana ambiri.

Chomvetsa chisoni nchakuti mankhwala a nthendayi adalipo kale. George Westinghouse wa ku America adapanga buleki yodzigwira yokha mu 1872. Nzeru yake njosavuta kumva: mpweya wa m'paipi ndiwo umasunga mabuleki omasuka, kotero kuti paipi ikaduka, kapena sitima ikalekana pakati, bogi iliyonse imadzimanga yokha. Boma la Britain lidakhala likupempha makampani kwa zaka zambiri kuti aike mabuleki otere, koma ena a iwo adali kuŵerenga mtengo wake.

Pa 30 Ogasiti chaka chomwecho, isanathe miyezi 3, nyumba ya malamulo ku London idapatsa boma mphamvu yokakamiza makampani pa zinthu zitatu. Choyamba, sitima iliyonse ya anthu ikhale ndi mabuleki odzigwira okha. Chachiŵiri, njanji igaŵidwe m'zigawo, ndipo sitima isaloŵe m'chigawo mpaka inzake itatulukamo. Chachitatu, zizindikiro zimangidwe pamodzi ndi zipangizo zopatutsira njanji, kuti wantchito asathe kuonetsa kuti njira ili bwino pamene njanji yaloza kwina. Dziko la America nalo lidakhazikitsa lamulo la mabuleki a mpweya ndi zolumikizira zodzikola zokha mu 1893.

Zomwezo kwa anansi athu

Akulu adati chaona mnzako chapita, maŵa chiona iwe. Patapita zaka 113 chichitikire za ku Armagh, pa 25 Meyi 2002, sitima yonyamula anthu ndi katundu pamodzi idali kuchokera ku malire a South Africa kupita ku Maputo, m'dziko la Mozambique. Pafupi ndi siteshoni ya Tenga padachitika vuto, ndipo antchito adailumula paŵiri. Mabogi a anthu adaŵasiya pa mtsetse atapinga miyala kumawilo, natsogoza mabogi a simenti ku siteshoni. Miyala sidagwire. Mabogi a anthu adatsetsereka nakagunda a simenti aja, ndipo anthu 192 adafa.

Patangopita mwezi umodzi, pa 24 Juni 2002, sitima ya anthu oposa 1,200 ku Tanzania idalephera mabuleki pa chitunda cha Igandu, kufupi ndi Dodoma. Idabwerera chambuyo nikagunda sitima ya katundu, ndipo anthu 281 adataya moyo. Tiona pano kuti lamulo silipulumutsa munthu chifukwa chakuti lalembedwa m'buku. Lipulumutsa pamene paipi iliyonse ya mabuleki iyesedwa sitima isananyamuke, tsiku ndi tsiku, ngakhale anthu akudandaula kuti akuchedwa.

Matabwa ndi moto

Malamulo a mu 1889 adali oletsa kuti sitima zisagundane. Funso lina lidatsalabe: nanga zikagundana, bogi ichite chiyani?

Mabogi akale adali a matabwa. Pansi pake padali polimba, koma zipupa ndi denga zidali ngati za nyumba yamatabwa. Tengani bokosi la machesi, mutulutse kabati kake, kenaka mukakankhirenso m'kati. Umu ndi m'mene mabogi adali kuchitira pa ngozi: pansi pa bogi imodzi padali kukwera pamwamba pa pansi pa inzake, nkuloŵa m'kati mwake ngati mpeni, kusesa mipando ndi anthu omwe. Pamwamba pa izi, nyali za m'mabogi zidali za gasi, ndipo gasiyo adali kumsunga m'matanki pansi pa matabwa omwewo.

Pa 22 Meyi 1915, pa Quintinshill, kufupi ndi Gretna ku Scotland, sitima yonyamula asilikali pafupifupi 500 a gulu la Royal Scots, opita ku nkhondo, idagunda sitima ina imene woyang'anira zizindikiro adaiŵala kuti adaiimika pa njanji yomweyo. Sitima ya asilikaliyo, imene idali yotalika mayadi 213, idafupika kufika mayadi 67. Patapita mphindi imodzi yokha sitima yachangu yochokera ku London idadzaloŵa m'zigumukirezo. Gasi adayaka, ndipo moto udanyeka kufikira tsiku lotsatira. Anthu oposa 220 adafa, ndipo kufikira lero imeneyi ndiyo ngozi yaikulu koposa ya pa njanji m'mbiri ya Britain. Aŵiri oyang'anira zizindikiro adapita ku ndende, koma amene adapha anthu ambiri adali matabwa ndi gasi.

Ku America kampani ya Pennsylvania Railroad idayamba kugula mabogi achitsulo chokhachokha mu 1907, chifukwa idaopa moto m'njira zapansi pa mtsinje zoloŵera mu mzinda wa New York. Pang'onopang'ono maiko ena adatsatira: chitsulo chidaloŵa m'malo mwa matabwa, ndipo magetsi adaloŵa m'malo mwa gasi.

Lamulo la kulimba

Kunena kuti bogi ikhale yolimba sikokwanira. Ilimbe motani? Lamulo limafuna nambala imene munthu angathe kuyesa.

Ku America nambala yake ndi mapaundi 800,000. Makampani a njanji adagwirizana za muyeso umenewu mu 1939, ndipo mu 1999 boma lidauika m'malamulo a mabogi onse a anthu. Kayesedwe kake nkotere: amaika bogi yopanda anthu pakati pa zipilala ziŵiri, nkuifinya kutsogolo ndi kumbuyo ndi makina, mpaka mphamvu yake ifanane ndi kulemera kwa matani pafupifupi 360. Kuti timvetse, matani 360 ndi matumba a chimanga 7,200 a makilogalamu 50 lililonse. Akamasula makinawo, bogiyo iyenera kubwerera m'mene idalili, osapindika. Ku Ulaya muyeso wa mabogi okokedwa ndi injini ndi pafupifupi matani 200.

Pali zinanso zimene lamulo limafuna pofuna kuthetsa vuto la bokosi la machesi lija. Kumapeto kwa bogi amaimika mizati yachitsulo, iŵiri pakati ndi ina m'ngodya, yochoka pansi kufika kudenga, kuti chinthu chofuna kuloŵa chikumane ndi mpanda. Pansi pake amaika mano achitsulo opingasa, oti mabogi aŵiri akakhudzana manowo alumane, ina isathe kukwera inzake. Zolumikizira nazo amazipanga zogwirana zolimba, kuti ngakhale sitima ichoke pa njanji mabogi akhalebe mu mzere, osabalalika. Denga ndi zipupa ziyeneranso kupirira bogi ikagona chammbali kapena ikagadabuka.

Kufunika kwa zimenezi kudaonekanso pa 12 Disembala 1988, pa Clapham Junction mu London, pamene sitima zitatu zidagundana m'maŵa anthu akupita ku ntchito. Chiyambi chake chidali waya wakale wa zizindikiro amene adasiyidwa wosadulidwa ndi mmisiri amene adagwira ntchito masabata 13 osapuma mokwanira. Anthu 35 adafa, ndipo pafupifupi 500 adavulala. Mabogi ake adali a mtundu wotchedwa Mark 1, achitsulo ndithu, koma omangidwa monga akale aja: pansi polimba, pamwamba popepuka. Malamulo a mu 1999 adalamula kuti mabogi otere achotsedwe, ndipo pofika kumapeto kwa 2005 pafupifupi onse adali atasiya kunyamula anthu pa maulendo a tsiku ndi tsiku. Bogi ya makono imamangidwa ngati nsungwi kapena chitoliro: pansi, zipupa ndi denga ndi thupi limodzi, zonse zisenzera pamodzi.

Chitsulo chopinda mawondo

Tsono wina angati: ngati kulimba nkwabwino, tingowonjezera chitsulo basi. Apa akatswiri adaphunzira chinthu chimene mwana aliyense amachidziŵa m'thupi mwake. Mwana akalumpha kuchoka pa chulu amapinda mawondo pofika pansi. Akati agwe miyendo ili chiwongokere, ululu umafika mpaka m'msana. Kupinda mawondo kumatalikitsa nthaŵi yoimira, ndipo mphamvu ya kugwa imathera m'miyendo pang'onopang'ono. Mayi wopita ndi mazira ku msika amadziŵanso kuti ndowa yolimba payokha siteteza dzira. Amayalamo utuchi kapena mankhusu.

Sitima yothamanga ili ndi mphamvu imene iyenera kupita kwina ikaima mwadzidzidzi. Mabogi onse akakhala ouma gwa, mphamvu yonseyo imasonkhana pa malo amodzi, ndiye pa bogi yakutsogolo, ndipo ikagonja imagonja koopsa. Nzeru yatsopano ndiyo kusankhiratu malo oti aphwanyike. Kumapeto kwa bogi iliyonse, kumene kulibe mipando, amaikako zitsulo zopangidwa kuti zikwinyike mwadongosolo, monga chitini chopondedwa ndi phazi. Cholumikizira chimathyoka pa mphamvu yoikika nkubwerera m'kati, mano aja nkulumana, zitsulo nkuyamba kukwinyika. Bogi yoyamba ikadya gawo lake imapatsira yachiŵiri, yachiŵiri ipatsira yachitatu, ndipo pakati pa bogi, pamene pali anthu, pamakhala posakhudzidwa.

Boma la America lidayesa zimenezi poyera pa bwalo lake loyesera sitima ku Pueblo, m'chigawo cha Colorado. Mu 2002 adagunditsa sitima ya mabogi akale ndi sitima ina yoima, pa liŵiro la makilomita 48 pa ola, m'mipando ataikamo zidole zazikulu ngati anthu. Bogi yakutsogolo idakwera pamwamba pa injini ya inzakeyo niphwanyika mafiti oposa 20, mipando yambiri nkutheratu. Mu 2006 adabwereza pa liŵiro lomwelo, ndi mabogi okhala ndi malo okwinyika. Kuphwanyika kudagaŵanika pa mabogi onse, palibe bogi idakwera inzake, ndipo malo a apaulendo ndi a woyendetsa adatsala athunthu.

Maiko a ku Ulaya adalemba nzeru imeneyi m'lamulo lotchedwa EN 15227 mu 2008. Wopanga sitima ayenera kusonyeza chimene chingachitike pa ngozi zinayi: sitima ziŵiri zofanana kugundana pa makilomita 36 pa ola, sitima kugunda bogi ya katundu ya matani 80 pa liŵiro lomwelo, sitima kugunda chinthu cha matani 15, monga lole, pa malo odutsira msewu, mpaka pa makilomita 110 pa ola, ndi sitima kugunda chinthu chaching'ono monga galimoto kapena ng'ombe. Pa zonsezi malo a anthu asafinyike, mawilo asanyamuke kuti bogi ikwere inzake, ndipo kuima kwake kusakhale kwadzidzidzi koposa muyeso.

Kwa zaka zambiri Amereka ndi a ku Ulaya adatsutsana pa nkhaniyi. Amereka adati sitima zawo za anthu zimayenda pa njanji imodzi ndi sitima za katundu zolemera koposa, motero kulimba sikungachepetsedwe. Enawo adati bogi yolemera imadula, imadya mafuta ambiri ndipo imatha njanji; sitima zikadula zimachepa, anthu nkubwerera pa msewu, pamene ngozi nzochuluka kuposa pa njanji. Mu 2018 boma la America lidasintha malamulo ake, kulola mabogi opepukirapo ngati opanga asonyeza kuti malo okwinyika ateteza anthu mokwanira.

Kugunda kwachiŵiri

Pa ngozi iliyonse pali kugunda kuŵiri. Koyamba ndi sitima kugunda chinthu. Kwachiŵiri ndi munthu kugunda za m'kati mwa bogi, pakuti bogi ikaima thupi limapitirirabe ndi liŵiro lake lomwe lija. Nchifukwa chake malamulo amaloŵa mpaka pa mpando ndi tebulo. Mpando uyenera kumangidwa kuti usazuke, msana wake ukhale wautali ndi wofeŵa kuti ugwire mutu ndi mawondo a munthu wa kumbuyo kwake. Pa ngozi ya ku Placentia, m'chigawo cha California, mu 2002, apaulendo aŵiri adafa atagunda m'mphepete mwa matebulo owonda ndi ouma. Kuchokera pamenepo akatswiri adapanga matebulo a m'mphepete mochindikala, okwinyika munthu akaŵagunda.

Achinyamata amakonda kufunsa chifukwa chake m'sitima mulibe malamba monga m'galimoto. Akatswiri a ku Britain adafufuza nkhaniyi napeza kuti mpando woti ugwire munthu womangidwa uyenera kukhala wouma kwambiri, ndipo ungavulaze koposa amene sadamange, amene m'sitima angakhale ambiri. Adapeza kuti chopulumutsa anthu ambiri ndi zenera. Pa Ufton Nervet mu 2004, pamene sitima idagunda galimoto yoima pa njanji, anthu 7 adafa, ndipo ena a iwo adaponyedwa kunja podzera m'mazenera osweka. Galasi la makono lili ndi pulasitiki pakati pake. Limang'aluka koma silimwazika, ndipo limasunga munthu m'kati.

Chipatso cha zonsezi chidaoneka pa 23 Febuluwale 2007 pa Grayrigg, kumpoto kwa England. Sitima ya mtundu wa Pendolino, yochokera ku London kupita ku Glasgow, idachoka pa njanji ikuthamanga makilomita 153 pa ola, chifukwa cha chipangizo chopatutsira njanji chimene sichidasamalidwe. Mabogi onse 9 adachoka pa njanji, ena nkugubuduzika kutsika chitunda. Mudali anthu 109. Mmodzi, mayi wa zaka 84, adamwalira, ndipo ena ambiri adavulala, koma mabogi sadafinyike ndipo mazenera ambiri adagwira. Tikayerekeza ndi Quintinshill tiona kutalika kwa ulendo umene wayendedwa.

Moto nawo uli ndi malamulo ake: nsalu, mipando ndi mawaya ziyenera kukhala zosayaka msanga ndi zosatulutsa utsi wakupha, nyali zina ziyake ngakhale magetsi azime, ndipo njira zotulukira zilembedwe poonekera. Kumene izi zisoŵa, zotsatira zake nzoopsa. Mu Febuluwale 2002 sitima yodzaza yochokera ku Cairo, ku Egypt, idagwira moto ili paulendo. Mazenera ake adali ndi zitsulo zotchinga, ndipo anthu oposa 360 adafa.

Pamene chitsulo chilekezera

Mwina ena mwadabwa kuti lamulo la ku Ulaya litchula makilomita 36 okha pa ola, pamene sitima zawo zimathamanga 200 kapena 300. Yankho lake lili m'masamu. Liŵiro likaŵirikiza kaŵiri, mphamvu ya kugunda imaŵirikiza kanayi. Likaŵirikiza katatu, mphamvuyo imaŵirikiza kasanu ndi kanayi. Sitima ya makilomita 200 pa ola ili ndi mphamvu yoposa ya makilomita 36 pafupifupi ka 30. Palibe bogi ingamangidwe yoti imeze mphamvu yotere. Pa 3 Juni 1998, pa Eschede ku Germany, mkombero wa wilo limodzi udathyoka sitima ikuthamanga makilomita 200 pa ola. Sitimayo idagwetsa mlatho, mabogi nkuunjikana pamenepo, ndipo anthu 101 adafa, ngakhale mabogiwo adali amakono.

Motero mpanda woyamba ndi kuletsa ngozi, ndipo kulimba kwa bogi ndi mpanda wotsiriza. Dziko la Japan lidatsegula njanji ya sitima zachangu zotchedwa Shinkansen mu 1964. Njanjiyo siidutsana ndi msewu uliwonse, siyendamo sitima zakale za katundu, ndipo makina amamanga mabuleki okha woyendetsa akapitirira liŵiro. Chiyambire chaka chimenecho palibe wapaulendo adafapo chifukwa cha kugundana kapena kuchoka pa njanji. Ku America, pa Chatsworth mu 2008, woyendetsa adadutsa nyali yofiira akulemba uthenga pa foni yam'manja, nagunda sitima ya katundu, ndipo anthu 25 adafa. Chaka chomwecho boma lidalamula kuti paikidwe makina oimitsa sitima okha, ntchito imene idatha mu 2020.

Gawo lathu

Ana athu ambiri amene ali ku Johannesburg, ku London ndi kwina amakwera sitima popita ku ntchito, ndipo ena amayenda pa njanji ya TAZARA pakati pa Zambia ndi Tanzania. Kuno kwathu sitima zazitali za malasha zochokera ku Moatize kupita ku Nacala zimadutsa m'midzi, pafupi ndi masukulu ndi misika. Zimene taona pamwambapa zitiphunzitsa zinthu zingapo zoti tiuzane m'mabanja.

Tikhale m'kati mwa bogi, pa mpando ngati ulipo. Pakhomo ndi pakati pa mabogi ndi pamene padakonzedwa kuti pakwinyike, ndipo wokwera pamenepo, kapena padenga, wadzichotsa yekha m'chitetezo chonse chimene tafotokozachi.

Katundu wolemera aikidwe pansi, osati pamwamba pa mitu ya anthu. Petulo, palafini ndi mbaula zisaloŵe m'bogi ya anthu.

Tikakhala pansi tiyang'ane kumene kuli chitseko chapafupi, tiŵerenge malangizo olembedwa pa chipupa, tiŵasonyezenso ana.

Ngozi ikachitika ndipo tatuluka, tichoke pa njanji yoyandikana nayo msanga. Pa Quintinshill ndi pa Clapham Junction padabwera sitima ina pambuyo pa kugunda koyamba.

Pa malo odutsira msewu tiime, tiyang'ane mbali zonse, timvetsere. Sitima yolemera ingathe kuyenda mtunda woposa kilomita imodzi woyendetsa atamanga kale mabuleki, ndipo siingakhote kutipeŵa. Ana asaike miyala kapena zitsulo pa njanji, ndipo wakuba mabawuti a njanji tisamuone ngati wakuba wamba.

Ife amene timatsogolera ana pa maulendo, kaya pa sitima, pa basi kapena pa lole, tikumbuke anthu 940 okwera pa sitima yoitanidwira 800, ndi zitseko zokhoma zija. Tisapitirire chiŵerengero chimene chotengera chathu chingathe kusenza, ndipo njira yotulukira isatsekedwe chifukwa choopa wozemba malipiro.

Ndipo kwa inu achinyamata amene mukonda masamu ndi sayansi: malamulo onseŵa amasungidwa ndi anthu. Pali amene amawotcherera chitsulo, amene amayesa mabuleki usiku, amene amayenda pa njanji kuyang'ana mabawuti, ndi amene amakana kusaina pepala pamene ntchito siidathe. Maina awo samveka pa wailesi, pakuti ntchito yawo ikayenda bwino sipakhala nkhani. Njanji za m'maiko athu zikusoŵa amisiri otere, ndipo ena a iwo ali m'makalasi athu lero lino.